Mfuti Iliyonse Ili ndi Kwawo

Thumba la tiyi lochokera m'mafakitale a ku Makwasa ndi madera ena a m'boma la Thyolo silituluka pachipata lopanda dzina. Pamwamba pake pamadindidwa dzina la esiteti, mtundu wa tiyi, kulemera kwake ndiponso nambala ya gulu la matumba amene adalongedwa pamodzi. Kaya thumbalo lagulidwa ku okushoni ya ku Limbe, kaya lapita kwa wogula wa kutsidya la nyanja, mbiri yake imayenda nalo. Wogula wa ku London akalawa tiyiyo n'kupeza kuti ndi wopserera kapena akununkha nkhungu, sapita kwa wamaula ayi. Amangowerenga zolembazo, ndipo mlandu umayenda chobwerera mpaka ukafike pakhomo pa fakitale imene idaumitsa masambawo. Palibe amene amadabwa nazo zimenezi, chifukwa tonse timavomereza kuti katundu ali ndi mwini wake, ndipo mwiniyo ayenera kuyankha mlandu wa katundu wake. Tsono ngati tsamba louma timalisungira mbiri chotere, n'chifukwa ninji chitsulo chosulidwira kupha munthu timachilandira ngati chidagwa ndi mvula?

Nkhani za mfuti timazimva pa wailesi ndi kuziwerenga m'nyuzipepala. Amati apolisi agwira achifwamba, awapeza ndi mfuti ya mtundu wa AK 47 pamodzi ndi zipolopolo zakutizakuti, ndipo akaonekera kubwalo la milandu posachedwapa. Nkhani imathera pomwepo. Omverafe mitima imakhala pansi, n'kumati njoka yaphedwa. Koma akuluakulu adati kupha njoka n'kudula mutu, ndipo pano tangodula mchira. Wachifwambayo sadasule yekha mfutiyo. Adaigula, kapena kuibwereka, kapena kuiba kwa munthu wina amene naye adaipeza kwa wina. Mfundo ya nkhani ino ndi imodzi: mfuti iliyonse yopezeka m'manja osayenera iyenera kuwerengedwa ngati kalata, kulembedwa m'kaundula, kulondoledwa kufikira kumene idachokera, ndipo anthu a m'dera limene yapezekalo auzidwe zimene zapezeka.

Poyamba tikumbutsane chinthu chimene ambiri timachiiwala. M'dziko muno mulibe fakitale yopanga mfuti zankhondo. Kupatula mfuti zosula pamanja zimene alenje ena amapanga mobisa ndi mapaipi, mfuti iliyonse imene idalirapo pakati pa Chitipa ndi Nsanje idachita kubwera. Idadutsa padoko, pabwalo la ndege, pachipata cha m'malire kapena pamtsinje usiku. Makolo athu poyamikira alendo ankati mlendo ndi amene abwera ndi kalumo kakuthwa, koma mlendo uyu kalumo kake sikometera ayi. Pamudzi pakafika munthu wachilendo, nyakwawa imamufunsa kwawo, mfumu yake ndi chimene wadzera. Ndi mlendo yekhayu, woopsa kuposa onse, amene timamuleka osamufunsa kanthu.

Chodabwitsa n'chakuti mlendoyu sabisa kwawo. Dzina la kwawo adamudinda pathupi. Mfuti imene timaitcha AK 47 adaikonza Mikhail Kalashnikov m'chaka cha 1947, ndipo asilikali a dziko la Soviet Union adailandira kukhala chida chawo m'chaka cha 1949. Pambuyo pake maiko ambiri ogwirizana ndi Soviet Union adayamba kupanga yawoyawo potsata maonekedwe omwewo. Motero kunena kuti "AK 47" kuli ngati kunena kuti "njinga": watchula mtundu wa chinthu, koma sunatchule wopanga. Wopangayo amadziwika ndi kachizindikiro kakang'ono kodindidwa m'mbali mwa chitsulo, kawirikawiri chakumanzere, pafupi ndi pamene mpope umalumikizana ndi thupi la mfuti. Muvi wokhala m'kati mwa chojambula cha ngodya zitatu ndi chidindo cha fakitale ya ku Izhevsk, ku Russia. Nyenyezi ndi ya ku Tula, m'dziko lomwelo. Nambala 66 m'kati mwa ngodya zitatu imapezeka pa mfuti zambiri za ku China zotchedwa Type 56. Nambala 10 yozingidwa ndi mizere iwiri yozungulira ndi ya ku Bulgaria, pamene 11 wokhala m'kati mwa mzere wonga dzira ndi wa ku Radom, ku Poland. Pafupi ndi chidindocho pamakhala nambala ya mfutiyo payokha, ndipo pa zambiri pamakhalanso chaka chimene idapangidwa.

Umboni suthera pamenepo. Pa kachitsulo kosinthira kawombedwe pamakhala zilembo za chiyankhulo cha opanga: za Chirasha, za Chitchaina, kapena zilembo D ndi E pa mfuti za dziko limene linkatchedwa East Germany. Mafakitale ambiri ankabwereza manambala omaliza a mfuti pa zitsulo zake zina za m'kati ndi pa chivindikiro, kotero kuti manambalawo akasiyana, wodziwa amazindikira kuti mfutiyo idachita kulumikizidwa kuchokera ku mfuti ziwiri kapena zitatu zowonongeka. Kumeneko n'kudziwa kwakukulu, pakuti kukutanthauza kuti penapake pali mmisiri amene amakonza zida zotere, ndiponso pali mulu wa zitsulo umene amatapapo. Ngakhale khoko la chipolopolo lotsala pamalo a chiwembu limayankhula, poti kutako kwake kumadindidwa nambala kapena zilembo za fakitale, kawirikawiri pamodzi ndi manambala awiri omaliza a chaka. Mfuti zina nazonso zili ndi zidindo zawo. Ya G3 idachokera ku kampani ya Heckler & Koch ku Germany, koma Apwitikizi ankapanganso yawo ku Braço de Prata mumzinda wa Lisbon, n'kuidinda zilembo FMP. Ya R1 ya ku South Africa idatengera mfuti ya FN FAL ya ku Belgium. Ya .303 ya Lee-Enfield, imene asilikali athu a King's African Rifles adanyamula pa nkhondo za Angerezi, imakhala ndi kachizindikiro konga phazi la nkhuku, kosonyeza kuti chinali chuma cha boma la Britain.

Kusafunsa kumeneku sikudayambe lero, ndipo kudatipweteka kale. M'mwezi wa Julayi 1861, David Livingstone ndi anzake adakumana ndi mdipiti wa akapolo pamudzi wa Mbame, m'mapiri a kufupi ndi kumene kuli Blantyre lero, ndipo anthu 84 adamasulidwa. Amene ankawakusa anali ndi mfuti za gogodera. Mfuti zotere zinkasulidwa zambirimbiri ku Birmingham ku England ndi ku Liège ku Belgium, makamaka kuti zikagulitsidwe ku Africa, ndipo zambiri zinkakhala ndi chidindo cha chisoti chachifumu ndi liwu lakuti TOWER. Anthu a m'mizinda imeneyo sadaone goli pakhosi la Mmang'anja, koma phindu la goli limenelo linkafika m'matumba mwawo. Padatenga zaka zambiri kuti maiko a Azungu avomereze, pa msonkhano wa ku Brussels m'chaka cha 1890, kuti malonda a akapolo ndi malonda a mfuti ndi mapasa, ndi kuti sungathetse amodzi uku ukulekerera enawo.

Zaka pafupifupi zana limodzi pambuyo pake, mfuti zidabweranso ndi njira ina. Boma la Thyolo limachita malire ndi Mozambique pa mtsinje wa Ruo, ndipo anthu a tsidya lino ndi tsidya ilo ndi amodzi: Alhomwe ambiri a m'maesiteti makolo awo adachokera komweko. Kuyambira m'chaka cha 1977 mpaka pa 4 Okutobala 1992, pamene pangano la mtendere lidasainidwa ku Rome, boma la Frelimo ndi gulu la Renamo adamenyana nkhondo yoopsa. M'chaka cha 1986 nkhondoyo idakula m'chigawo cha Zambezia, ndipo anthu adakhamukira ku Mulanje, Thyolo ndi Nsanje. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, othawa nkhondo m'Malawi adakwana pafupifupi miliyoni imodzi. Ochuluka mwa iwo adadza ndi mphika, mphasa ndi mwana kumsana basi, ndipo kungakhale kulakwa kwakukulu kuwapachika mlandu wa zida. Komabe nkhondo ikatha mfuti siziola ngati chimanga. Asilikali a bungwe la United Nations amene adayang'anira mtendere ku Mozambique sadathe kutolera zida zonse. Zambiri zidakwiriridwa m'maenje, zina zidabisidwa m'madenga, ndipo msilikali wakale wopanda ntchito ndi chakudya adazindikira kuti chitsulo chili pansi pa mphasa yake ndi ndalama. Ndi chifukwa chake apolisi a ku Mozambique ndi South Africa adayamba ntchito yotchedwa Operation Rachel m'chaka cha 1995, yofukula ndi kuphwanya nkhokwe zobisika zoterezi.

Koma tisathamangire kuloza chala kutsidya la Ruo kokha, ngati kuti kwathu kuno kudalibe chotupa. M'mwezi wa Disembala 1993, asilikali athu adachita Operation Bwezani, kulanda zida gulu la Malawi Young Pioneers, asilikali anzawo ataphedwa ku Mzuzu. Apayoniya ambiri adathawira ku Mozambique, ena atanyamula mfuti. Mfuti zimenezo zidagulidwa ndi chuma cha dziko lino, zidalowa ndi makalata ovomerezeka, ndipo tsiku lina zidali m'nkhokwe yokhoma ndi loko. Phunziro lake ndi lowawa koma loona, ndipo ndi la dziko lonse lapansi: pafupifupi mfuti iliyonse yosaloledwa idayamba moyo wake ili yololedwa. Penapake paulendo wake pali tsiku limene idachoka m'manja oyenera kupita m'manja osayenera. Kulondola mfuti n'kufunafuna tsiku limenelo ndi dzanja limenelo.

Alipo ena amene adzati, mfuti ndi mfuti, kaya ya ku China kaya ya ku Russia imapha chimodzimodzi. Mayi woferedwa mwana apindulanji pomva dzina la Izhevsk? Funso limeneli n'lomveka, koma likuyang'ana kumanda kokha osayang'ana kwa amoyo. Mudzi ukagwidwa ndi kolera, azaumoyo sakhutira ndi kuika maliro. Amafunsa kuti odwalawo amatunga pachitsime chiti, kuti achitseke ena asanamwe. Ngati mfuti yogwidwa ku Makwasa, ina ku Luchenza ndi ina ku Muloza zili za fakitale imodzi, chaka chimodzi, ndipo manambala ake ndi oyandikana, ndiye kuti zidatuluka m'bokosi limodzi, ndipo m'bokosimo mwina mudakali zina. Amene sadawerenge manambalawo adzaona milandu itatu yosiyana. Amene wawerenga adzaona chitsime chimodzi.

Enanso adzati zidindo zimanama, ndipo apa pali choonadi chimene sitiyenera kuchizemba. Chidindo chimanena kumene mfuti idabadwira, osati amene adaibweretsa. Pa nkhondo ya ku Mozambique, boma la Frelimo linkalandira zida kuchokera ku Soviet Union ndi anzake, pamene Renamo inkathandizidwa ndi Rhodesia, kenaka South Africa. Komabe mfuti za Kalashnikov zinkapezeka m'manja mwa mbali zonse ziwiri, poti zida zimalandidwa pankhondo, zimagulitsidwa ndiponso zimadutsa m'manja mwa amalonda ambiri. Ngakhale kale lija, amisiri ena a ku Liège ankadinda liwu lakuti TOWER pa mfuti zimene sizidaoneko ku England, pofuna kunyenga ogula. Achifwamba nawo amapala manambala ndi tupa. Zonsezi n'zoona, koma sizitiuza kuti tileke kuwerenga. Zikutiuza kuti tiwerenge mosamala. Mlenje sasiya kulondola mapazi a nyama chifukwa chakuti afika pathanthwe. Ndipotu nambala yopalidwa kawirikawiri imatheka kuiukitsa, chifukwa kudinda kumapsinja chitsulo mpaka m'kati, ndipo akatswiri akapakapo mankhwala a asidi manambala amaonekeranso. Kupala nambala kumene ndi umboni wakuti wina akudziwa kuti nambalayo ikhoza kumuulula. Mbala imaiopa nambala. Bwanji ife eni mlandu tikuiyesa yachabe?

Gulu lachitatu lidzati mfutizi n'zakale, maiko ena amene adazipanga kulibenso. Zoonadi East Germany idatha m'chaka cha 1990, ndipo Soviet Union idaphwasuka m'chaka cha 1991. Koma mfuti yosungidwa bwino imakhala zaka zambiri kuposa boma limene lidaipanga, ndipo nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu: zosankha za atsogoleri amene adagona kale zikhoza kupha mlonda wa pasitolo usiku uno. Kuwonjezera apo, kudziwa kuti mfuti ndi yakale kapena yatsopano ndiye funso lenilenilo. Kuyambira mu Okutobala 2017, pamene zigawenga zidathira nkhondo mapolisi a ku Mocímboa da Praia, chigawo cha Cabo Delgado kumpoto kwa Mozambique chakhala pa nkhondo ina. Mfuti ikagwidwa kuno n'kupezeka kuti idapangidwa m'chaka cha 1975, tidziwa kuti tikulimbana ndi zotsalira za nkhondo yakale. Ikapezeka kuti idapangidwa zaka zochepa zapitazi, ndiye kuti pali njira yatsopano imene yatseguka, ndipo tulo tiyenera kuchepetsa. Popanda kuwerenga chaka, tidzasiyanitsa bwanji phulusa ndi moto?

Pali chifukwa china chimene anthu sachitchula poyera, ndicho mantha akuti kulondola kungatifikitse pakhomo pa munthu wamkulu, kapena pankhokwe imene imayenera kukhala yokhoma. Amati izi ndi zinsinsi za chitetezo. Palibe amene akupempha kuti apolisi aulule njira zawo zofufuzira mlandu usadathe. Koma mlandu ukatha, anthu amene adagona m'tchire poopa kulira kwa mfutiyo ali ndi ufulu womva kuti idali ya dziko liti, ya chaka chiti, ndipo idalowa bwanji m'mudzi mwawo. Wapolisi wokhulupirika sataya kanthu pa kaundula woona. Amapindula, chifukwa dzina lake limayera. Amene amapindula ndi mdima ndi yekhayo wobwereketsa mfuti usiku n'kuibweza mbandakucha.

Anansi athu a ku Mozambique adatisonyeza kuti zitsulozi zikhoza kuchitira umboni. M'chaka cha 1995, bungwe la mipingo yachikhristu m'dzikomo, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, lidayamba ntchito yosinthanitsa zida ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Zida zotoleredwazo ankazidula, ndipo aluso ena ankaumba nazo zinthu. M'chaka cha 2001 waluso wina, Cristóvão Canhavato, wodziwika ndi dzina lakuti Kester, adapanga mpando wachifumu ndi zidutswa za mfuti, umene udagulidwa ndi British Museum ku London. Akatswiri atawerenga zidutswazo adapeza mfuti za G3 za Apwitikizi, za Kalashnikov za ku Soviet Union, za maiko a kum'mawa kwa Ulaya, ngakhalenso ya ku North Korea. Mpando umodzi udasanduka kaundula wa maiko onse amene adathira nkhuni pamoto wa nkhondo ya Mozambique. Mbendera ya dzikolo ili ndi chithunzi cha mfuti, khasu ndi buku. Pa zitatuzi, khasu lokha ndi limene mmisiri wa kumudzi angasule pa chipala chake masana, aliyense akuona.

Tisanamizirenso kuti malamulo kulibe. Pa 14 Ogasiti 2001, atsogoleri a maiko a SADC adasaina pangano loletsa kufala kwa mfuti ndi zipolopolo, ndipo adalisainira mumzinda wathu wa Blantyre, ulendo wa maola ochepa chabe kuchokera ku Makwasa. Panganolo likuti mfuti zizidindidwa chizindikiro chosonyeza dziko, wopanga ndi nambala, ndipo maiko azisunga kaundula ndi kuthandizana pofufuza. M'chaka cha 2005 bungwe la United Nations lidavomereza ndondomeko yolondolera zida zing'onozing'ono, yonena kuti zolemba za opanga zisungidwe zaka zosachepera 30, ndipo zolemba zina, monga za kugula ndi kugulitsa, zaka zosachepera 20. Bungwe la apolisi a dziko lonse la INTERPOL lili ndi nkhokwe ya pakompyuta ya mfuti zobedwa ndi zotayika. Bungwe la Small Arms Survey la ku Geneva lidayerekeza kuti m'chaka cha 2017 padziko lapansi padali mfuti zopitirira biliyoni imodzi, ndipo 857 miliyoni mwa izo zidali m'manja mwa anthu wamba. Pakati pa unyinji wotere, chinthu chokha chosiyanitsa mfuti imodzi ndi inzake ndi timanambala tija. Pangano lidasainidwa pakhomo pathu. Kungakhale manyazi kuti ife tikhale omaliza kulikumbukira.

Tsono zofunika kuchita n'zodziwika, ndipo sizilira chuma chambiri. Mfuti iliyonse yogwidwa ijambulidwe mbali zonse, chidindo, nambala ndi chaka zilembedwe isanaikidwe m'nkhokwe kapena kuotchedwa, pakuti kuotcha mfuti yosalembedwa n'kuotcha mboni. Makoko a zipolopolo atoleredwe ndi kusungidwa. Apolisi a ku Thyolo ndi Mulanje azionetsana zolemba zawo ndi anzawo a ku Milange. Atolankhani asiye kukhutira ndi mawu akuti "AK 47", afunse kuti ya kuti ndiponso ya liti. Aphungu a Nyumba ya Malamulo afunse chaka ndi chaka kuti mfuti zogwidwa ndi zingati, zolondoledwa ndi zingati, ndipo zosowa m'nkhokwe za boma ndi zingati. Makampani a alonda, amene ena amalondera maesiteti ndi malipiro a antchito, awerengetse zida zawo nthawi ndi nthawi.

Inu ophunzira, musamve nkhaniyi molakwa. Kuwerenga zidindo ndi ntchito ya apolisi ndi akatswiri, osati ya mwana wa sukulu. Mukapeza mfuti, chipolopolo kapena chitsulo chachilendo m'munda, m'mphepete mwa mtsinje kapena m'mizere ya tiyi, musachikhudze ngakhale chitachita dzimbiri chotani, pakuti dzimbiri siliphetsa wonga. Chokanipo, chenjezani anzanu, kauzeni amfumu ndi apolisi. Mbale wanu akakhala kuti akusunga chida chotere, kumubisa si chikondi, poti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ntchito yanu yeniyeni ikubwera. Pakati panu pali apolisi, oweruza milandu, atolankhani, mafumu ndi aphungu a mawa. Tsiku lina mfuti idzaikidwa patebulo patsogolo panu ngati umboni, ndipo wina adzakuuzani kuti mlandu watha chifukwa wowombera wagwidwa. Pa tsikulo mudzaitembenuze mfutiyo, mudzayang'ane kumanzere kwake pafupi ndi mpope, ndipo mudzafunse kuti adaipanga ndani, liti, adaigula ndani, ndipo idachoka bwanji m'manja mwake. Safunsa adadya phula.